Lipoti la msonkhano wa alembi ku Braamfontein, Johannesburg

Wapampando, akomiti, abambo ndi amayi nonse a bungwe lathu la maliro, nazi zomwe ndabwera nazo kumsonkhano wa alembi a mabungwe womwe munandituma Loweruka lapitali.

M'mawa tinaphunzira kalembedwe ka maminitsi, zomwe timachita kale. Za misonkho ndidumpha, ife sitigulitsa kanthu.

Masana ndi pomwe ndalama yanu inagwira ntchito. Mayi wina wa ku Zimbabwe anationetsa mmene amalumikizira ndandanda ya zochitika ya pa Google Sheets ndi Google Calendar. Pa sheet amalemba dzina la chochitika, tsiku, nthawi ndi malo, chilichonse pa mzere wake. Kenako pali kapulogalamu kakang'ono kolembedwa mu Apps Script, chida chaulere cha Google, kamene amakaikira trigger kuti kaziwerenga sheetyo ola lililonse. Tikuona tonse, mayiwo anafufuta Yeoville n'kulemba Rosettenville, anadina batani la Run loyendetsa kapulogalamuko, ndipo posakhalitsa foni ya mnyamata amene ndinakhala naye pafupi inasonyeza malo atsopanowo. Popanda womuimbira!

Anatichenjezanso. Kutsitsa sheet ngati fayilo ya CSV n'kuilowetsa mu kalendala si kulumikiza ayi, mukasintha sheet mawa kalendala imatsala ndi zakale. Kapulogalamuko kayenera kusunga ID (nambala yozindikirira) ya chochitika chilichonse, apo ayi msonkhano umodzi uoneka katatu. Nkhani ya madeti ndiyo inandiopsa. Sheet ikakhala pa locale (dziko lomwe imatsatira polemba madeti) ya United States, 6/7 imaiwerenga kuti 7 June, pomwe ife tikunena 6 July, tsiku lokumbukira ufulu wa 1964, lomwe timasonkhana chaka chilichonse. Tiike United Kingdom basi. Za maola palibe vuto, kuno ku Joni ndi kumudzi ku Malawi wotchi ndi imodzi.

Msonkhano unagwirizana kuti akaunti ya Google ikhale ya bungwe, osati ya munthu. Apa ndinawomba m'manja, chifukwa mpaka lero buku la mamembala lili kumudzi ndi mlembi wakale, ndipo komiti sinalembe ngakhale kalata yolifunsa. Koma ena ankati akomiti onse akhale Editor, otha kusintha za pa sheet, ndipo ine ndinakana. Kwathu kuno akhale awiri, mlembi ndi wachiwiri wake, otsala Viewer, ongoona basi. Mwaiwala za April? Wina anasintha tsiku pa WhatsApp, amayi a ku Diepsloot anakwera mataxi awiri kudzera pa renki ya Bree, n'kupeza holo yokhoma. Ndalama zawo sizinabwezedwe, ndipo amene anatumiza uthengawo anaufufuta. Pa Google Sheets pali Version history, imaonetsa amene wasintha ndi nthawi yake. Mwina n'chifukwa chake ena sadzaifuna.

Ndikudziwa mudzati si onse ali ndi data kapena Gmail. Zoona. WhatsApp sitikuitaya, koma uthenga uzichokera pa sheet, osati m'mutu mwa munthu. Amadala athu aziimbiridwa foni monga kale.

Kwa amene ankati ndapita kukadya nkhuku: chakudya chinali masangweji, ndipo malisiti a taxi ndi chenji zili kwa amsungichuma. Ndikupempha kuti Lamlungu tivote pa za akauntiyi, komanso wachinyamata mmodzi wodziwa kompyuta abwere ndi laputopu tikayesere limodzi ndandanda ya miyezi itatu ikubwerayi.

Ine wanu,
Mlembi