Dzina munabisa, koma mayiyo mwamuulula

A Mkonzi,

Ndakhumudwa kwambiri ndi nkhani imene munatulutsa sabata yatha yokhudza mayi amene anagwiriridwa pochokera kuntchito. Dzina lake munabisa ndithu, koma munatchula zaka zake, ntchito imene amagwira ndi msewu umene amadzera, kenako munaika chithunzi chake atafulatira, chovala ndi maluko a tsitsi lake zikuonekeratu. Aliyense womudziwa wamuzindikira kale.

Munthu akagwiriridwa amalandidwa ufulu wolamulira thupi lake, ndipo kuchira kumayamba pamene wayambanso kusankha yekha amene angamuuze, nthawi yomuuzira, ndiponso zimene akufuna kusunga mumtima. Ufulu umenewo inu mwamulandanso. Mayiyu ali ndi luso lake, anzake ndi zolinga zake, koma kuyambira pano akamalowa m'chipinda anthu azidula nkhani n'kumayang'anana, ndipo azidziwika ndi tsiku limodzi loipa limene sanalisankhe. Adzakhulupirira bwanji kuti akadali munthu yemwe uja, pamene aliyense akumuona ngati mutu wa nkhani?

Chimene chinandiwawa koposa ndi funso la mtolankhani wanu lakuti n'chifukwa chiyani mayiyo sanakuwe. Akatswiri a zamaganizo anafotokoza kalekale kuti mantha aakulu amaumitsa thupi, moti munthu amalephera kukuwa kapena kusuntha. Ambiri amadziimba mlandu kwa zaka chifukwa cha funso lomwelo, amasowa tulo ndipo amadzidzimuka wina akangowakhudza paphewa. Mu 2021 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linanena kuti pafupifupi mayi mmodzi mwa atatu alionse padziko lonse anachitidwapo nkhanza zomenyedwa kapena zogonana. Ena mwa iwo amawerenga nyuzipepala yanu, pamodzi ndi abambo ndi anyamata amene zinawachitikira koma sanauzepo munthu, ndipo mwawaphunzitsa kuti kulankhula n'kudziika pambalambanda.

Nkhani yonseyo inalibe ngakhale mzere umodzi wothandiza munthu. Simunanene kuti mankhwala a PEP oteteza ku HIV ayenera kuyambidwa pasanathe maola 72 ndipo amamwedwa masiku 28, kapena kuti mapiritsi apangozi oletsa kutenga mimba amagwira ntchito akamwedwa pasanathe masiku 5. Za uphungu simunatchule n'komwe.

Chotsani chithunzicho pa intaneti lero lomwe, mupepese mayiyo mwamseri, ndipo nkhani iliyonse yotere izitha ndi malangizo a kumene wogwiriridwa angapeze chithandizo.

Ndine wowerenga wanu wokhudzidwa.