Chilengezo: Ulendo Wokaona Parishi ya Mua

Abale ndi alongo m'gulu lathu, Loweruka likudzali tikayendera parishi ya Mua m'boma la Dedza, yomwe ansembe a White Fathers adaikhazikitsa mu 1902. Tikapatuka pa msewu wa M5, tiyambira m'tchalitchi, kenaka KuNgoni, malo a zosemasema omwe Bambo Claude Boucher adayambitsa mu 1976.

Nthawi yambiri tikaithere ku Chamare Museum, nyumba yosungiramo zinthu zachikhalidwe ya pa KuNgoni pomwepo. Muli zipinda zitatu, ndipo cha zigoba za Gule Wamkulu sichofunika kuthamangira. Musajambule musanapemphe woyang'anira, ndipo zigobazo musazigwire, thukuta la m'manja limawononga utoto.

Amayi tengani chitenje. Ofuna kutsikira kumtsinje wa Nadzipokwe avale nsapato zogwira pansi, miyala yake imaterera. Tengani madzi akumwa, kuchigwaku kumatentha.