Lipoti la msonkhano wa aphunzitsi a mbiri yakale: nkhani ya Pyotr Nesterov

A Wapampando ndi aphunzitsi anzanga,

Kumsonkhano kumene munandituma ndabwerako bwino, ndipo malisiti ndapereka kale kwa msungichuma. Mitu yokhudza Nkhondo Yoyamba ya Dziko Lonse inali ingapo, koma umene unautsa mtsutso ndi wa Pyotr Nesterov, msilikali wa ku Russia woyendetsa ndege.

Nesterov anabadwa mu 1887 ku Nizhny Novgorod. Usilikali anayambira kumizinga, mpaka anakagwira ntchito kutali ku Vladivostok, za ndege n'kudzaphunzira pambuyo pake. Masiku amenewo alangizi ambiri ankaopa kuti ndege ikapendekeka pokhota igwa. Iye ankati ayi, mbalame imakhota chopendekeka, ndegenso izitero. Pofuna kuwatsimikizira, mu Seputembala 1913 ku Kiev anakwera ndi ndege ya Nieuport IV, n'kuiimika, n'kuigadamitsa mutu wake uli pansi, mpaka kuzungulira n'kubwerera pamene anayambira. Panalibe munthu amene anali atachitapo zimenezi. Akuluakulu ake poyamba anamukalipira kuti akuseweretsa katundu wa boma.

Nkhondo itayamba mu 1914 anamutumiza ku Galicia, dera limene a Russia ankamenyanako ndi a Austria. Ndege za nthawi imeneyo zinali zozondera adani, zinalibe mfuti zomangirira, ndipo oyendetsa analibe parachuti. Ndege ya Albatros ya asilikali a Austria inkabwera kudzaona pamene a Russia aima, pafupi ndi tauni ya Zhovkva. Pa 8 Seputembala Nesterov anaithamangitsa ndi ndege yake yaing'ono ya Morane-Saulnier, anaikwera pamwamba, n'kuigunda. Zonse ziwiri zinagwa. Anthu awiri a mu Albatros anafa, nayenso anafa, ali ndi zaka 27.

Apa m'pamene tinasiyana maganizo. Ena ankati munthuyu anasankha imfa dala, ndiye tiziwauza ana kuti ndi ngwazi yodzipereka. Ine ndinatsutsa, ndipo ndikutsutsabe. Cholinga chake chinali kumenya phiko la mdani ndi matayala, iye n'kutera wamoyo. Umboni ulipo: mu Malichi 1915 mnzake wa dziko lomwelo, Alexander Kazakov, anagunda ndege ya Ajeremani mwa njira yomweyo, ndipo anapulumuka. Tikamunena ngati wofuna imfa tikumulakwira, chifukwa anali munthu amene ankayamba waganiza kenako n'kuyesa, amene boma lake linamutuma kunkhondo chimanjamanja.

Mnzathu wina anatikumbutsa kuti mawa lake lenileni, pa 9 Seputembala 1914, mfuti zinali kulira ku Karonga, m'nkhondo yomweyo. Ndikupempha kuti pokonza maphunziro a teremu ikubwerayi tiike nkhani ziwirizi m'phunziro limodzi. Zolemba zimene tinalandira ndibwera nazo pamsonkhano wathu wotsatira, koma pakufunika ndalama pang'ono ya fotokope, ndiye komiti ikambirane.

Ndine nthumwi yanu.