Lipoti la msonkhano wa aphunzitsi a Chisipanishi: kaphunzitsidwe ka imperfecto

Anzanga a m'gulu,

Munandituma kumsonkhano kuti ndikamve momwe ena amaphunzitsira nthawi yakale yotchedwa pretérito imperfecto, poti ophunzira athu akukonzekera mayeso a Chisipanishi otchedwa DELE a gawo la A2, lomwe ndi gawo lachiwiri kwa oyamba kumene. Ndabwerako ndi maganizo akuti tiziyamba ndi nthawi imeneyi tisanafike pa indefinido, nthawi ina yakale yonena zimene zinachitika n'kutha, chifukwa malamulo ake sasinthasintha ndipo wophunzira amalimba nayo mtima msanga.

Mphunzitsi amene ankatitsogolera analemba mneni hablar (kulankhula) pabolodi, nafufuta -ar, kutsala tsinde habl-. Kenaka anangolumikiza: hablaba, hablabas, hablaba, hablábamos, hablabais, hablaban. Aneni othera ndi -er komanso -ir amayenda njira imodzi: comer (kudya) amapereka comía, comías, comía, comíamos, comíais, comían, ndipo vivir (kukhala) naye ndi vivía mpaka vivían. Osamvera lamuloli ndi atatu okha m'chinenero chonse: ser (kukhala munthu kapena chinthu chakuti) amapereka era, ir (kupita) amapereka iba, ver (kuona) amapereka veía. Ngakhale aneni ovuta aja amene tsinde lawo limasintha m'nthawi yatsopano pano amafatsa. Amene amati pienso (ndikuganiza) amangoti pensaba, amene amati duermo (ndikugona) amangoti dormía.

Tinakhalitsa pa kachizindikiro ka pamwamba pa lembo. Kwa aneni a -ar kamapezeka pa nosotros (ife) pokha, pa á wa -ábamos, pamene kwa a -er ndi -ir í aliyense amakhala nako. Anatiimiritsa tonse kuti tiziwomba m'manja pamene mawu akukwera: ha-BLÁ-ba-mos. Izi zikutikhudza kwambiri ife, chifukwa pakamwa pathu panazolowera kutsindika kufupi ndi mapeto a mawu, ndiye wophunzira amathamangira kunena hablaBAmos. Tiyeni tiyesere kuwombaku m'kalasi.

Chinanso, mneni wa yo (ine) ndi wa él, ella (iye) kapena usted (inu waulemu) amafanana ndendende. Trabajaba payekha sanena ngati wogwira ntchitoyo ndine kapena ndi wina, choncho pamene nkhani ingasokoneze, wophunzira atchule mwini wake.

Mphunzitsi uja atafunsa momwe timafotokozera ntchito ya nthawiyi, ndinawauza za -nka- wathu. "Ndinkadya nsima tsiku lililonse" ndi comía, "ndinadya dzulo" ndi comí. Anasangalala nazo, komabe anachenjeza kuti imperfecto imapitirira pamenepo: imanenanso zaka za munthu, monga tenía diez años (ndinali ndi zaka khumi), ndi nthawi ya pa wotchi, monga eran las tres (inali 3 koloko).

Pa vosotros, "inu" wonena anthu ambiri amene amagwiritsidwa ntchito ku Spain, sitinagwirizane. Ena ankati tizisiya hablabais chifukwa ku Latin America amanena ustedes hablaban, ena ankati wopita ku Madrid adzakumana naye tsiku loyamba. Ine ndikuti ophunzira athu amudziwe akamuwerenga kapena kumumva, koma tisawakakamize kumulankhula. Nkhaniyi ndi yoti tigamule limodzi tikakumana, tisanasindikize mapepala a teremu ikubwerayi.