Tisunge mbiri ya amuna a kuchigwa omwe adapita ku migodi

Akonzi,

Ndikupempha mpata m'nyuzipepala yanu kuti ndiyankhule ndi makhonsolo a Nsanje ndi Chikwawa, mafumu athu, komanso nthambi ya boma yoyang'anira zinthu zakale, pa nkhani imene sindidaimvepo ikukambidwa pamisonkhano ya chitukuko kuno kuchigwa cha Shire. Nkhaniyi ndi ya amuna a kuno amene adakagwira ntchito m'migodi ya ku Joni ndi ku Rhodesia, omwe tsopano akutha mmodzimmodzi, ndipo mapepala ndi katundu wawo akuthera nawo limodzi. Pempho langa ndi lakuti tikhale ndi kanyumba kosungiramo mbiri yawo, ngakhale katakhala ka chipinda chimodzi. Maganizowa adandibwerera nditayendera kanyumba kotere m'tauni yakale ya migodi ya Bisbee, m'chigawo cha Arizona ku America, pamene ndidapita kukacheza kwa mwana wanga amene amagwira ntchito mumzinda wa Tucson.

Bisbee ndi tauni yaing'ono imene idapanikizika pakati pa mapiri a Mule, pamtunda wa makilomita pafupifupi 150 kuchokera ku Tucson, kufupi ndi malire a dziko la Mexico. Idayamba m'chaka cha 1880 chifukwa cha kopa, ndipo dzina lake ndi la woweruza milandu wina, DeWitt Bisbee, yemwe adaika ndalama zake mumgodi wotchedwa Copper Queen. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 m'tauniyi ndi m'madera oizungulira munkakhala anthu oposa 20,000, koma lero atsala pafupifupi 5,000, popeza kampani ya Phelps Dodge idasiya kukumba m'chaka cha 1975. M'mphepete mwa msewu waukulu muli chidzenje chotchedwa Lavender Pit, chimene adasiya kuchikumba mu 1974, ndipo chikadali chiyasamire mpaka lero.

Nyumba yosungiramo zinthu zakaleyo ndi yomwe idali likulu la kampani ya mgodi, yomangidwa ndi njerwa m'zaka za m'ma 1890. Si yaikulu konse, moti munthu wofulumira akhoza kuizungulira yonse m'ola limodzi, komabe bungwe lotchuka la Smithsonian la ku Washington lidaiona kuti ndi yoyenera kugwira nayo ntchito. Muli miyala yobiriwira ndi yabuluu yochokera pansi pa mapiriwo, imene alendo ambiri amathamangira kuijambula. Ine chimene chidandiimitsa nthawi yaitali ndi zinthu wamba: nyali za anthu okumba, zida zimene zidatha ndi manja, ndi zithunzi za amuna ochokera m'maiko osiyanasiyana ataima pakhomo pa mgodi, nkhope zili bii. Mulinso chipinda cha mabuku, zithunzi ndi makalata akale, momwe zidzukulu zimabwera kudzafufuza za agogo awo. Palibe chinthu chamtengo wapatali pa zinthu zimenezi, koma padapezeka munthu amene adazitola zisadatayidwe, nalemba kuti chakutichakuti chidali cha yani ndipo chinkagwira ntchito yanji.

Pafupi ndi nyumbayo pali mgodi weniweni umene adautsegulira alendo m'chaka cha 1976, patangotha chaka chimodzi migodi itatsekedwa. Mlendo amamuveka chipewa cholimba ndi nyali, nakwera kasitima kakang'ono kamene kamalowa m'phiri mtunda wa mamita pafupifupi 450. M'katimo mumazizira madigiri 8 chaka chonse, ndipo munthu wozolowera dzuwa la Okutobala la ku Ngabu amayamba kunjenjemera asadafike n'komwe kumapeto. Amene adatitsogolera adali mkulu wina yemwe adagwirapo ntchito m'migodi ya komweko. Adationetsa makina obowolera mwala amene kale ankatulutsa fumbi lowononga mapapo asadayambe kuwathirira madzi, adafotokoza za nyulu zimene zinkakoka ngolo pansi pa nthaka, ndipo adatisonyeza ngakhale chimbudzi cha mipando iwiri choyenda panjanji, chimene alendo onse adaseka nacho. Mkuluyo sankawerenga pepala lililonse. Ankanena zimene manja ake adagwira, ndipo m'pomwe ndidaona kuti anthu a ku Bisbee adachita mwanzeru popereka ntchitoyi kwa eni nkhani, m'malo molemba achinyamata oloweza mawu.

Chimene chidandichititsa ulemu kwambiri n'chakuti sabisa zochititsa manyazi. Pa 12 Julaye 1917, ogwira ntchito m'migodi atanyanyala ntchito pofuna malipiro abwino ndi chitetezo, mkulu wa apolisi m'deralo, Harry Wheeler, adasonkhanitsa amuna pafupifupi 2,000 onyamula mfuti, nagwira anthu oposa 1,000 m'nyumba ndi m'misewu. Adawasonkhanitsa pabwalo la masewero, kenaka adawalongedza m'mabogi a sitima onyamulira ng'ombe ndi kukawasiya m'chipululu ku Hermanas, m'chigawo cha New Mexico, atayenda maola 16. Palibe amene adapezeka wolakwa kukhoti pa nkhaniyi. Mbiri imeneyi ikufotokozedwa lero m'nyumba yomweyo momwe mabwana a mgodi ankakhala pamipando yawo.

Tsono nafe tili ndi mbiri yotere, ndipo ndi yaikulu kuposa ya tauni imodzi. Kusiyana kwake n'kwakuti migodi yathu idali m'maiko a eni, kuno kudangochokera anthu. Kwa zaka zambiri amuna ankalembedwa ndi kampani yolemba anthu ntchito za m'migodi ya Wenela, imene pambuyo pake idadzatchedwa Teba, kupita ku migodi ya golide ya ku South Africa, pomwe ena ankapita ku Southern Rhodesia kudzera m'bungwe lolemba anthu ntchito la Mthandizi kapena paokha wapansi. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 Amalawi oposa 100,000 adali m'migodi ya ku South Africa. Pa 4 Epulo 1974 ndege ya Wenela yobweretsa anthu kumudzi idagwa itangonyamuka ku Francistown m'dziko la Botswana, ndipo Amalawi oposa 70 adafera pomwepo, zimene zidachititsa Dr Kamuzu Banda kuimitsa ntchito yolemba anthu opita ku migodi. Ntchitoyi idayambiranso mu 1977 koma pang'ono chabe, kufikira idatheratu kuyambira mu 1988 pamkangano wokhudza kuyeza magazi ngati ali ndi kachilombo ka HIV. Ku Wankie, komwe lero ndi Hwange m'dziko la Zimbabwe, mgodi wa malasha udaphulika pa 6 Juni 1972 n'kupha anthu oposa 400, ndipo Amalawi adali m'gulu la omwalirawo. Mwana wa sukulu wa ku Tengani kapena ku Nchalo akafika ku Blantyre amatsika basi pa Wenela, koma mutamufunsa kuti dzinalo lidabwera bwanji, ambiri angokuyang'anani.

Kuchigwa kuno nkhaniyi ili pafupifupi m'banja lililonse. Njinga yoyamba ya m'mudzi, makina osokera, wailesi, malata a nyumba, ngakhale ng'ombe zimene mabanja ena amadziwika nazo lero, zambiri zidachokera ku ndalama za mumgodi, popeza gawo lina la malipiro ankalisunga kuti munthu adzalandirire kuno akamaliza kontalakiti. Palinso mbali ina imene sitikonda kuitchula: matchona amene sadabwerere, amayi amene adalima thonje ndi mapira okha kwa zaka zambiri akudikira, ndi amuna amene adabwera akutsokomola osaleka.

Malume anga adali mmodzi mwa amenewa. Adali ndi bokosi lachitsulo limene linkakhala kunsi kwa bedi, lokiyidwa ndi loko wamkulu, ndipo sitinkaloledwa kulikhudza. Akalitsegula, makamaka kukabwera mnzawo wa kumgodi, ankatulutsa khadi lokhala ndi nambala ndi chidindo cha chala chawo, kabuku kolembamo malipiro, lamba wachikopa womangirapo batire la nyali, ndi chithunzi chimene adajambulitsa atavala suti ndi chipewa, mwendo umodzi ataupondetsa pampando. Awiriwo ankayamba kuyankhula Chifanakalo, chiyankhulo cha kumgodi, n'kumaseka, ife ana osamvapo kanthu. Malumewo adamwalira, ndipo bokosilo lidapita ndi madzi osefukira a mu Januwale 2015, limodzi ndi nyumba imene lidalimo. Za moyo wawo wa kumgodi tatsala ndi zimene tikukumbukira basi, ndipo sitigwirizana ngakhale pa dzina la mgodi umene adagwirako.

Apa m'pamene chigwa chathu chikusiyana ndi maboma ena, ndipo n'chifukwa chake ndikuti ntchitoyi iyambire kuno. Ku Arizona n'kouma, pepala likhoza kukhala zaka 100 m'kabati osawonongeka. Kuno Shire ndi Ruo zimatilowera m'nyumba: 2015, 2019, namondwe Ana mu 2022, namondwe Freddy mu 2023. Munthu wothawa madzi usiku amanyamula mwana, osati mapepala a agogo, ndipo chimene madzi asiya chiswe chimamaliza. Chaka chilichonse cha madzi chimatichotsera mabokosi ena onga a malume anga.

Ndikudziwa kuti ena anena kuti anthu amene akufuna madeki otchinga madzi, mbewu ndi milatho alibe nthawi ya zinthu zakale, ndipo mawuwo ndi omveka. Ndikuvomerezanso kuti sitingafanane ndi Bisbee, komwe tauni yonse idasanduka malo a alendo ndipo anthu obwera ndi ndalama m'thumba ndi ambiri. Amene angalonjeze kuti kanyumba kotere kadzalemeretsa boma la Nsanje akunama. Koma mapepalawa ali ndi ntchito lero lomwe. M'chaka cha 2018 makampani a migodi ya golide ku South Africa adagwirizana zopereka ndalama zokwana marandi 5 biliyoni kwa anthu amene adadwala matenda a fumbi m'mapapo ndi chifuwa chachikulu, ndipo khoti litavomereza mu 2019 padakhazikitsidwa bungwe la Tshiamiso Trust loti lizipereka chipukuta misozicho. Limaona za anthu amene adagwira ntchito m'migodi ina ya golide kuyambira mu 1965, ndiponso mabanja a omwe adamwalira. Kuti munthu kapena mkazi wamasiye athandizidwe pa nkhani ngati imeneyi, kapena pa ndalama zina zimene anthu a ku migodi akhala akulondola kwa zaka zambiri, funso loyamba limakhala la umboni wakuti adagwiradi ntchito kumeneko, mumgodi uti, zaka ziti, nambala yake iti. Malo amene angajambule khadi lililonse ndi kusunga chithunzi chake pakompyuta angathandize mabanja pa zinthu zimene akuvutika nazo panopa.

Ntchitoyi siyofuna nyumba yosanja kapena alendo odzadula riboni. Poyamba pakufunika chipinda chimodzi pamalo okwera pomwe madzi safika, kaya pa boma, kaya pasukulu ina ya sekondale. Mafumu, kuyambira a Lundu mpaka anyakwawa, ndiwo akudziwa khomo lililonse limene lili ndi munthu wa ku Teba, ndipo akaitanitsa anthu amabwera. Ophunzira a Fomu 3 akhoza kupita ndi lamya ya m'manja kukajambula mawu a agogo awo m'Chisena ndi m'Chimang'anja, momwe eni akewo amayankhulira, aphunzitsi a mbiri yakale n'kuwatsogolera pa mafunso. Mapepala enieni asalandidwe kwa eni ake, chifukwa anthu ambiri amakayika akamva zoti apereke zikalata zawo, ndipo sitingawadzudzule. Ajambulidwe n'kubwezedwa tsiku lomwelo. Akatswiri a ku myuziyamu ya ku Chichiri angatiphunzitse kasungidwe ndi kalembedwe koyenera, monga momwe anzathu a ku Karonga adakhalira ndi nyumba yawo yosungiramo mbiri ya kwawo. Ndipo ofotokozera alendo akhale eni ake, monga ndidaonera ku Bisbee. Amene adapita komaliza m'zaka za m'ma 1980 ambiri akadali ndi mphamvu, ndipo amayi amene adatsala pakhomo nawonso apatsidwe mpando, chifukwa theka la nkhaniyi lili ndi iwo. Alendo opita ku Lengwe ndi ku Majete amadutsa kale mumsewu wathu wa M1, choncho ena mwa iwo angapatuke, koma oyamba kulowamo akhale ana athu a sukulu.

Pali chifukwa china chimene ndikuchiona patsogolo. Pansi pa chigwa chino pali malasha kudera la Lengwe ndi Mwabvi, ndiponso mchenga wokhala ndi miyala yamtengo ku Tengani, ndipo boma likunena poyera kuti migodi ndi imodzi mwa nsanamira za chuma cha dziko. Tsiku lina kudzabwera anthu ndi mapepala oti mafumu asaine. Pa tsikulo kudzakhala kothandiza kuti m'mudzi mukhale achinyamata amene adamva kuchokera kwa agogo awo zimene fumbi limachita m'chifuwa, zimene kontalakiti imanena ndi zimene imasiya osanena, komanso amene adaonapo chithunzi cha dzenje ngati la Lavender Pit kampani itanyamuka. Anthu odziwa za migodi kuposa wina aliyense m'maboma athu awiriwa ndi madala amene akhala pansi pa mitengo ya m'midzi yathu, ndipo palibe amene wawafunsa.

Ndikupempha makhansala a Nsanje ndi Chikwawa kuti nkhaniyi ilowe pamndandanda wa zokambirana pamsonkhano wa khonsolo ukubwerawu, ndipo kalembera wa anthu ndi kujambula mapepala ziyambe dzinja lisadafike. Ine ndine wokonzeka kuyenda ndi ophunzira m'midzi ya kuno kwathu popanda malipiro.

Ine wanu,
Mphunzitsi wopuma pantchito,
Bangula, Nsanje