Mwana akufuna social work, bambo ake akuti public administration

Azakhali,

Ndine malume wa mtsikana wina wa kuno ku Mabvuku mu Harare, mwana wa mlongo wanga. Walemba A Level ya ZIMSEC, bungwe la mayeso la Zimbabwe, ndipo wapeza mapointi 11: B mu History, B mu Sociology ndi C mu Literature. Ku O Level adakhoza maphunziro asanu ndi limodzi kuphatikizapo Chingerezi, koma masamu adapeza D. Fizi ndidzalipira ndine, komabe mwanayu ali ndi bambo ake amoyo, ndipo pakhomo papita milungu itatu anthu akungoyankhulana mwapatalipatali.

Mwanayo akufuna social work. Alamu anga akuti achite public administration, chifukwa kwa iwo imeneyo ndiye njira yolowera mu ofesi ya boma kapena ya khonsolo, pomwe social work akuiona ngati ntchito yogawa chimanga cha chithandizo. Sindikuwanyoza. Adakalamba akugwira ntchito ya manja, ndipo akufuna mwana wawo adzakhale pa desiki.

Madigiri awiriwa onse ndi a zaka zinayi, koma mathero ake ndi osiyana. Wa public administration amaphunzira kayendetsedwe ka boma, kapangidwe ka mfundo, bajeti, kalembedwe ka antchito, ndi malamulo monga Urban Councils Act, Public Finance Management Act komanso lamulo la 2017 la kagulidwe ka katundu wa boma. Ndi maphunziro abwino, makamaka pano pamene Malamulo Aakulu a 2013 akunena zopereka mphamvu ku zigawo ndi makhonsolo. Vuto lake ndi loti palibe mpando womwe adausungira digiri imeneyi yokha. Ntchito ya administrative officer ikalengezedwa, amalimbirana ndi a political science, a development studies, a human resources, onse pamzere umodzi. Komanso bajeti ndi manambala, ndipo D wa masamu uja sindingamubise.

Social work ili ndi mpanda wake. Lamulo la Social Workers Act limati munthu asadzitche social worker asanalembetse ku Council of Social Workers, ndipo chiphaso chogwirira ntchito chimakonzedwanso chaka ndi chaka. Ndiye kuti wa digiri ina sangangolowa pamalo pake. Ntchito yake si yachimanga yokha ayi. Ku Department of Social Development ndiwo amafufuza nkhani za ana ozunzidwa, kulemba malipoti opita kukhoti la ana motsata Children's Act, kuona za ana oleredwa ndi anthu ena, ndi kuthandiza pa BEAM yolipirira fizi ana osauka. Zipatala ndi mabungwe omwe si a boma amawalembanso. Ntchitoyi ili ndi mizu kuno: School of Social Work ya mu Harare idayambitsidwa ndi ansembe a chiJesuit mu 1964.

Kulemera kwake ndikukudziwa. Malipiro a boma ndi ochepa, mafayilo amachuluka kuposa manja, ndipo kumva nkhani za ana ogwiriridwa tsiku ndi tsiku kumadya mtima. Ambiri akapeza zaka zingapo za luso amalembetsa ku Social Work England, bungwe lolembetsa ma social worker ku England, n'kupita. Alamu anga akamva zimenezi amaopa kuti mwana adzawathawa. Koma mtsikanayu Loweruka lililonse amakhala kutchalitchi ndi ana amasiye, kope pamwendo, akulemba amene alibe satifiketi ya kubadwa ndi amene wasiya sukulu. Palibe adamutuma.

Pali chinanso chomwe chikundisowetsa tulo kuposa mkanganowu. Agogo ake adachokera ku Dedza kudzagwira ntchito, ndipo chitupa cha mwanayu chidatuluka ndi mawu oti ALIEN (mlendo) m'malo mwa CIT (nzika), monga cha mayi ake. Ndime 43 ya Malamulo Aakulu imati wobadwira mu Zimbabwe malamulowo asanatuluke mu 2013, kholo lake limodzi lili nzika ya dziko la SADC, ndipo iye ankakhala muno pa nthawiyo, ndi nzika mwakubadwa. Koma chitupa sichisintha chokha. Pamafunika kupita ku ofesi ya kalembera ndi satifiketi yaitali ya kubadwa, chitupa chakecho ndi zitupa za makolo. Pathu pano dzina la mayi ake lidalembedwa mosiyana pa mapepala awiri, pena ndi "l" pena ndi "r", ndipo kusiyana kotere kumayamba kwakonzedwa kaye zina zisanayende. Ntchito za Public Service Commission, yomwe imalemba antchito a boma, zimafuna nzika, choncho digiri iliyonse mwa ziwirizi idzafika pakhomo lomwelo.

Ndaonanso kuti ana ambiri amagwa m'chaka chachitatu, cha atachimenti, chokaphunzirira pamalo a ntchito. Malo amafuna okha, ambiri salipidwa kanthu, koma kombi yochoka ku Mabvuku kupita m'tauni ndi kubwerera imafuna ndalama tsiku lililonse, ndipo fizi siima. Wa social work amayenera kuyang'aniridwa ndi social worker weniweni. Akangotengedwa ndi kabungwe kopanda munthu wotere, amatha miyezi akufotokopa mapepala ndi kuphika tiyi, buku la atachimenti lili lopanda kanthu. Za sukulu yake ndiye sindikuvutika: kaya University of Zimbabwe ku Mount Pleasant, Women's University in Africa kapena Bindura, ndidzayamba ndafunsa ngati pulogalamuyo ndi yovomerezeka ndi ZIMCHE, bungwe loyang'anira maphunziro a m'mayunivesite, komanso ngati Council imalembetsa omaliza kumeneko.

Maganizo anga mwawaona, ndili kumbali ya mwana. Koma kwathu malume akalankhula mokweza pa mwana wa mlongo wake, bambo amamva ngati walandidwa khomo, makamaka pamene ndalama ikuchokera kwa malumeyo. Sindikufuna kuti fizi yanga ikhale chibonga. Ndiwafikire bwanji alamu anga kuti aone kuti social work ndi ntchito ya ulemu, popanda kuwachititsa manyazi pamaso pa mkazi wawo ndi mwana? Kodi ndi bwino ndipeze social worker wamkulu adzacheze nawo, kapena zimenezo adzaziona ngati ndawaitanira mboni?

Ndipo za chitupa, tipereke fomu ya ku yunivesite panopa ndi chitupa cha ALIEN n'kumakonza ali mkati, kapena adikire mpaka chitatuluka chatsopano? Ndikuopa kuti akakhala pakhomo chaka chathunthu, ndi mkanganowu uli chikhalire, mtima wa sukulu udzazirala. Fomu ndadzaza kale mbali zonse kupatula bokosi la pulogalamu yoyamba kusankha.

Ine,
Malume wa ku Mabvuku, Harare