Njinga yamoto ikakana kulira tisathamangire kuphwasula injini

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo pa nkhani imene ikuwonongetsa ndalama zambiri eni njinga zamoto kuno ku Zomba, makamaka anyamata a kabaza komanso anthu amene adagula njinga zakale monga Yamaha DT 125, AG 200 ndi Honda XL 125, zija ankayendera alangizi a zaulimi ndi ogwira ntchito m'mabungwe. Njinga yotere ikakana kulira m'mawa, chimene ndimachiona kawirikawiri ku Chinamwali, ku Mpondabwino ngakhalenso ku Songani n'chakuti mwiniwake amaikankha mpaka kwa makaniko, kumene amauzidwa kuti agule CDI, kabokosi kolamulira moto wa pa pulagi, zikakanika agule koyilo imene imakulitsa motowo, zikakanikanso akuti injini itsitsidwe. Ndalama ya mlungu wathunthu imathera pa zipangizo zimene zinalibe vuto. Injini imangofuna petulo, mpweya, moto wa pa pulagi ndi mphamvu yopanikiza, ndipo zambiri mwa zimenezi mwini njinga angathe kuziyesa yekha pakhomo ndi sipanala ya pulagi ndi sikuludiraiva asanalipire aliyense.

Poyambira pakhale pa petulo, chifukwa ndi pamene pamagona mavuto ochuluka masiku ano. Petulo wa m'dziko muno amasakanizidwa ndi ethanol, mafuta ochokera ku nzimbe, yemwe adayamba kupangidwa ku Dwangwa mu 1982 ndipo amapangidwanso ku Chikwawa, ndipo ethanol amakoka chinyezi. Njinga imene yaima miyezi iwiri kapena itatu ili ndi petulo wochepa m'thanki imasonkhanitsa madzi pansi, thanki imachita dzimbiri, ndipo petulo wotsalira mu kabuleta amauma n'kusiya zomata zimene zimatseka timabowo ta majeti, todutsamo petulo popita mu injini. Kuwonjezera apo, mafuta akasowa pa mafilingisiteshoni ambirife timagula a m'zigubu, amene sitidziwa kuti adasungidwa motani. Kuyesa kwake n'kosavuta. Pansi pa kabuleta pali kasikuluwu kotulutsira mafuta. Mukakamasula n'kutchera botolo lagalasi loyera, muona ngati petulo akutsika, ndipo botololo likakhala pang'ono madzi amakhazikika pansi pawokha, petulo n'kuyandama pamwamba. Ngati sipakutuluka kanthu, onani kampopi ka pa thanki ngati kali pa ON kapena RES, onani sefa ya mafuta, ndiponso tsegulani chivindikiro cha thanki, pakuti kabowo kake kolowetsa mpweya kakatsekeka petulo amasiya kutsika ngakhale thanki itadzaza.

Jeti yaing'ono, imene imadyetsa injini pa nthawi yoiliza ndi pamene ikulira pang'onopang'ono, ndiyo imayamba kutsekeka, n'chifukwa chake njinga ina imalira choko (yochepetsa mpweya poliza injini yozizira) ikakokedwa n'kuzima mukangoibweza. Jetiyi itsukidwe ndi petulo woyera ndi kupemereredwa ndi pampu ya matayala. Ndimadandaula ndikaona munthu akuitokosa ndi singano kapena waya wachitsulo, chifukwa jeti ndi ya mkuwa, bowo limakula, ndipo kuchokera tsiku limenelo njinga imamwa mafuta kuposa kale popanda mwiniwake kudziwa chifukwa.

Pulagi imanena zambiri ikamasulidwa. Ikatuluka youma pambuyo poponda kiki kangapo, ndiye kuti petulo sakufika. Ikatuluka yonyowa ndi yonunkha petulo, injini yamwa mafuta mopitirira, ndipo mankhwala ake ndi kuumitsa pulagi, kubweza choko, kupotokola chogwirira chopondera mafuta pa chiwongolero mpaka kumapeto ndi kuponda kiki mpaka iyere. Pulagi ya njinga yathanzi imakhala yofiirira kunsonga. Yakuda ngati mwaye wa m'khitchini ikusonyeza kuti petulo wachuluka kapena mpweya ukuchepa. Poyesa moto, pulagi ibwezeredwe mu kapu yake, igunditsidwe pa chitsulo cha injini kutali ndi bowo lake ndi mafuta otayika, kenako muponde kiki. Moto wabwino ndi wabuluu ndipo umamveka kuthetheka. Mpata wa pa nsonga ya pulagi pa njinga zambiri za 125 umakhala pafupifupi mamilimita 0.7. Moto ukasowa, CDI ikhale yomaliza kuiganizira: yesani pulagi ina, onani kabatani kofiira kozimitsira injini pa chiwongolero kamene ana amakonda kuseweretsa, onani kapu ya pulagi imene imalowa madzi nyengo ya mvula, ndiponso waya wa ethi, wobwezera magetsi ku chitsulo cha njinga, amene amachita dzimbiri pamene wamangidwa pa felemu.

Za batire anthu amasokoneza. Njinga zambiri zakale za kiki zimatenga moto wa pulagi ku maginito, chipangizo chopanga magetsi injini ikamazungulira, kotero batire yakufa siiletsa kulira; imangopha hutala ndi ma indiketa. Pa njinga ya sitata, mukamva kungoti "tiki" mukadina batani, yang'anani mitu ya batire ngati yayera ndi dzimbiri, onani fyuzi, ndipo batire ipimidwe: yodzaza imaonetsa mavolti pafupifupi 12.6, ndipo ikatsika pansi pa 12 siingazungulitse sitata bwinobwino. Sefa ya mpweya nayo isaiwalike ndi onse oyenda misewu ya fumbi yolowera ku nyanja ya Chilwa.

Zonsezi zikapezeka zili bwino, m'pamene tingakambe za m'kati mwa injini. Kiki imene ikutsika mopepuka, yosalimba pa phazi, ikusonyeza kuti mphamvu yopanikiza yathawa. Ngakhale apa si nthawi zonse pamene pamafunika pisitoni ndi malingi atsopano, chifukwa pa njinga monga XL ndi AG 200 mavalavu amathina ndi kukalamba n'kusiya kutseka bwino, ndipo kuwatchuna injini ili yozizira ndi ntchito ya mphindi zochepa. DT ilibe mavalavu otere. Iyo imafuna oyilo wa 2T, wopsera limodzi ndi petulo, ndipo amene adachotsa pampu yake n'kumathira oyilo m'thanki mongoyerekeza asadabwe pulagi ikamada mlungu uliwonse.

Pempho langa kwa amakaniko athu, amene ambiri ndi aluso ndithu, n'lakuti asanatume munthu ku sitolo aziyamba ayesa CDI kapena koyilo ya njinga ina yolira, mwini njinga akuona, ndipo chipangizo chakale azimubwezera m'manja. Ndipemphenso a TEVETA ndi mabungwe a kabaza kuti alingalire zokonza maphunziro a masiku ochepa m'masiteji a kabaza, oti oyendetsa aphunzire kutulutsa madzi mu kabuleta, kuwerenga pulagi ndi kutsuka sefa.

Mwini njinga wokhudzidwa,
Matawale, Zomba